Ndinanamizira a Zingwe Chifukwa cha Mzere Umodzi

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kuyambira ndili chaka choyamba, ndipo ndivomere kuti kawirikawiri ndimaliwerenga pofuna kukutsutsani. Kawiri konse ndinakulemberani makalata aatali okudzudzulani kuti mumanyengerera anthu ofunika kuwauza chilungamo pamaso, koma simunawasindikize. Lero ndabwera wofatsa. Ndasankha inu chifukwa munanenapo kuti musanayambe kulemba munagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha makompyuta, choncho mbali ya makina simuvutika nayo. Imene yandikanika ine ndi mbali ya anthu.

Ndine mnyamata wa zaka 22, ndili chaka chachitatu pa sukulu ya ukachenjede, kumene ndikuphunzira zopanga mapulogalamu a kompyuta. Ndilinso m'komiti ya bungwe la ophunzira. Chaka chatha ndinabweretsa mfundo yakuti tikhale ndi bokosi la madandaulo la pa intaneti, momwe wophunzira angalembe zimene zamuchitikira popanda kutchula dzina. Bokosi lamatabwa limene tinali nalo linakhomedwa moyang'anizana ndi zenera la mlembi wa oyang'anira ophunzira, moti aliyense woponyamo kapepala amakhala wadziulula kale. Mfundoyi ndinaimenyera nkhondo miyezi isanu, m'misonkhano ndi m'makalata, mpaka akuluakulu a sukulu anatopa nane n'kuvomera.

Anaika lamulo limodzi, lakuti webusaitiyo ikhale pa seva ya sukulu, kompyuta yaikulu imene imasunga mawebusaiti onse a pano. Woyang'anira seva ndi bambo wachikulire amene tonse timawatcha a Zingwe, chifukwa sayenda popanda chingwe cha netiweki m'khosi. Amakhala m'chipinda cha pansi pa laibulale, chopanda zenera, chozizira moti amavala juzi ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Tinasainirana pangano lakuti iwo azisamala makina koma asadzatsegule madandaulo, ndipo pasiwedi ya tsamba lowerengera madandaulowo ikhale ndi ine ndekha. Ndime imeneyi ndinailemba ndine, ndipo ndinkainyadira kwambiri.

Tsopano ndifotokoze momwe ndinkagwirira ntchito, chifukwa vuto lagona pamenepo. Popanga webusaiti sitiyambira pa seva yeniyeni. Timayendetsa kaseva kathu m'kati mwa laputopu n'kumayesera pamenepo. Ine ndinkafuna kuti choyeseracho chifanane ndi chenicheni pa chilichonse, kuti tsiku lokhazikitsa pasadzapezeke chodabwitsa. Choncho ndinatsegula fayilo yotchedwa hosts, imene kompyuta imayamba yaifunsa isanafunse kunja kuti dzina lakutilakuti limapezeka kuti, ndipo ndinalembamo mzere umodzi: nambala ya 127.0.0.1, imene kwa kompyuta iliyonse imatanthauza kuti "ine mwini", ndi pambali pake dzina lenileni la webusaiti yathu. Kenaka ndinadzipangira satifiketi ya chitetezo ya dzina lomwelo, n'kuuza laputopu yanga kuti iziikhulupirira, kuti kaloko kaja kazioneka pamwamba monga kamaonekera pa mawebusaiti otetezeka. Ndinakonzanso kuti kasevako kazidzuka kokha ndikangoyatsa laputopu.

A Zingwe anaona zimenezi tsiku lina nditapita kukawaonetsa ntchito. Anati, "Mwanawe, choyesera usamachipatse dzina la chenicheni. Chipatse lake lothera ndi .test. Ine kunyumba ndili ndi mapasa, ndikudziwa zimene zimachitika ukawaveka malaya ofanana." Ndinawayankha kuti, "Bambo, nzeru zimenezo ndi za nthawi imene makompyuta anali ndi mimba kumbuyo." Anaseka, n'kupitiriza kusenda chingwe chawo.

Webusaiti tinaikhazikitsa kumayambiriro kwa teremu. Ndinafufuta madandaulo onse oyesera pa laputopu, ndinapereka mafayilo kwa a Zingwe, iwo anawaika pa seva, ndipo tinalengeza m'makalasi onse. M'mawa uliwonse ndinkatsegula laputopu, kulemba dzina la webusaiti, kuona kaloko, kulowa ndi pasiwedi yanga, n'kupeza tsamba loyera lopanda dandaulo ngakhale limodzi. Sabata yoyamba ndinati anthu akuopa. Sabata yachiwiri anthu anayamba kundiimitsa m'makonde. Mtsikana wina wa chaka choyamba anandidikira pa masitepe a laibulale, nandifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, kodi mumawerenga? Ine ndalemba kawiri." Sanadikire yankho langa.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinakhala pansi ndi tcheya wa bungwe lathu m'holo yodyera. Iye anatumiza dandaulo loyesera kuchokera pa foni yake, ndipo foniyo inamuyankha kuti dandaulo lalandiridwa. Ndinayang'ana pa laputopu yanga, panalibe kanthu. Ndinatumiza langa kuchokera pa laputopu, ndipo linaoneka nthawi yomweyo. Tinabwereza katatu. Aphungu, mukadakhala ine mukadaganiza chiyani? Ine ndinaganiza kuti alipo munthu amene akudziwa makina anga, amene akulola zanga kudutsa kuti ndisakayike, koma za ena akuzigwira pakhomo. Ndipo munthu wokhala ndi makiyi a pakhomopo anali mmodzi yekha.

Ndinatsikira m'chipinda cha a Zingwe nditakwiya kale. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Seva ikulandira, mwanawe. Ndikuona zinthu zikulowa tsiku ndi tsiku, koma m'katimo sindisuzumira, unandiletsa wekha. Bwera nayo laputopu yakoyo ndiione. Kapena khala apa ulowe pa kompyuta yangayi." Ndinati, "Ndilembe pasiwedi pa kompyuta yanu? Ndikupatseni laputopu yanga m'manja? Mukundiyesa chitsiru?" Pa foni yanga sindinkalowanso pa tsamba lowerengeralo, chifukwa ndinadziikira lamulo lakuti madandaulo a anthu asatsegulidwe pa chinthu chimene chingagwe m'thumba pa minibasi. Ndinkaona kuti kukana konseku ndi kusamala.

Pa msonkhano waukulu wa ophunzira ndinalumikiza laputopu ku pulojekita. Holo inali yodzaza mpaka ena anakhala m'mazenera. Ndinapempha anthu asanu kuti atumize madandaulo pomwepo, anatumiza, koma pa khoma sipanaoneke ngakhale limodzi mwa asanuwo. Ndinaloza kaloko kaja n'kunena kuti, "Taonani, iyi ndi webusaiti yeniyeni, yotetezeka, si chithunzi chimene ndajambula. Mawu anu akumezedwa." Kenaka ndinatchula a Zingwe. Sindinanene kuti ndikuwakayikira. Ndinanena kuti ndi iwo, ndiponso kuti atumidwa ndi akuluakulu. Anthu anakuwa, ndipo ndisabise, kukuwako kunandikomera. Tsiku lotsatira wina anapachika chingwe choduka pa chitseko chawo. Akuluakulu, pofuna kuonetsa kuti iwo sizikuwakhudza, anawaimitsa kaye ntchito, ndipo akaonekera pamaso pa komiti yosungitsa mwambo Lachinayi sabata yamawa. Agwira ntchito pano zaka 24.

Lachiwiri lapitali, masana, ndinali mu laibulale pamene netiweki inazima nyumba yonse. Anthu anayamba kudandaula, wina mpaka anafuula kuti, "Kaitaneni a Zingwe!" anzake n'kumuseka. Ine, mwachizolowezi chabe, ndinalemba dzina la webusaiti yathu. Inatseguka. Kaloko kanali pamalo pake. Ndinayang'ana pakona ya laputopu, chizindikiro cha netiweki chinali chozima. Ndinayesa mawebusaiti ena atatu, onse anakana. Yathu yokha ndi imene inkatseguka popanda intaneti.

Ndinatsegula fayilo ya hosts ndikudziwa kale chimene ndipezemo. Mzere uja unalimo. Pamwamba pake panali mawu amene ndinadzilembera ndekha miyezi inayi yapitayo akuti "chotsa tikakhazikitsa". Masabata onsewa ndinkalankhula ndi laputopu yanga yomwe. Ndinaika kachizindikiro kouzimitsa kutsogolo kwa mzerewo, ndipo netiweki itabwera ndinalowa pa webusaiti yeniyeni koyamba chiikhazikitsireni. Munali madandaulo 214, loyamba la tsiku lomwe tinalengeza. Palibe limene linasowa. Sindinathe kuwerenga ngakhale limodzi, ndinangotseka.

Ndinauza tcheya. Anafunsa kuti, "Wina akudziwa ndani?" Nditati palibe, anati, "Ndiye khala phee. Tilengeza kuti ataona moto abweza madandaulo athu. Aise, ukaulula bokosi latha. Akuluakulu akhala akufuna chifukwa cholitsekera, ndiye iwe ukawapatse pa mbale? Mdala uja samuchotsa ntchito, angomusunthira kwina. Ganizira anthu 214 aja."

Aphungu, pano mpamene pandivuta, chifukwa mawu a tcheya si opusa. Akuluakulu a pano anabisapo nkhani za ophunzira, zimenezo sindikupeka. Bokosili ndi chinthu chokhacho chimene bungwe lathu lapambana pa zaka zitatu. Ndikaimirira n'kunena kuti ndinalakwitsa, ndani adzakhulupirirenso wophunzira woloza chala mkulu wa pa sukulu pano? Ndayesa kuika anthu 214 mbali imodzi ndi munthu mmodzi mbali ina, monga tinaphunzirira m'kalasi ya zaumunthu, ndipo pa pepala yankho limaoneka losavuta. Koma ndikadutsa pa chitseko chija, pamene chingwe choduka chikulendewerabe, pepalalo silindithandiza.

Dzulo ndinapita kwa achemwali anga, amene ndi telala ndipo ndi amene anandilera mayi atamwalira. Ndinawafotokozera zonse ali pa makina osokera. Za hosts sanamve, koma zinazo anamva. Anati, "Iwe kuyambira uli mwana, ukasochera umakalipira msewu." Ndinati ndabwera kudzafuna nzeru, osati kudzanyozedwa. Anadula ulusi ndi mano, nati, "Ukufuna ndikuuze chiyani chimene sukuchidziwa? Tandipatsira sizasi."

Mafunso anga ndi awa. Kodi ndiulule, ndipo ngati ndiulule, ndiyambire kwa ndani? Kodi ilipo njira yoyeretsera a Zingwe popanda kupha bokosi? Ndipo popeza ntchito imeneyi ndi imene ndidzadyere moyo wanga wonse, ndikonze bwanji maseva anga oyesera kuti zoterezi zisadzachitikenso? Chonde musandiyankhe kuti nditsate mtima wanga. Mtima wangawo ndi umene wandifikitsa pano.

T.N., wophunzira wa chaka chachitatu

Wokondedwa T.N.,

Makalata ako awiri aja ndinawawerenga. Sindinawasindikize chifukwa lililonse likadadya tsamba lonse. Ili ndakuyankha tsiku lomwe lafika, chifukwa Lachinayi silingadikire tsiku losindikiza, ndipo popeza unapempha kuti ndisakunyengerere, sindikunyengerera.

Ulule. Lero, osati mawa.

Tiyambe ndi kulekanitsa zolakwa ziwiri, chifukwa wazimanga mtolo umodzi. Kuiwala mzere mu hosts si mlandu. Aliyense wa ntchito yathuyi anachitapo. Ine ndinataya tsiku lathunthu ndikukonza tsamba la abwana anga, ndikuwaimbira foni kuti ndakonza, iwo akuti palibe chasintha, mpaka tinakwezerana mawu. Cholakwa chako chachikulu ndi china. Munthu anakukokera mpando kuti uone pa kompyuta yachiwiri, iwe unakana chifukwa unali utagamula kale mlandu. Zitachitika zija za m'holo yodyera panali mayankho awiri: mwina seva ikubisa, mwina laputopu yako ikuyang'ana kolakwika. Unasankha limene linagwirizana ndi nkhondo yako, linalo sunaliyese n'komwe. Ndipo kaloko kamene unalozera anthu sikanena kuti webusaiti ndi yeniyeni. Kamangonena kuti kompyuta yako ikulankhula mobisa ndi wina amene satifiketi yake yasainidwa ndi amene imamukhulupirira. Wosaina unali iwe. Unadzilembera wekha kalata ya umboni, n'kuiwerenga wekha, n'kuikhulupirira.

Tsopano masamu ako a anthu 214 ndi munthu mmodzi. Ndi olakwika, ndipo ndikuonetsa pamene alakwikira. A Zingwe ndi woyang'anira seva. Akadafuna, akadatsegula nkhokwe ya madandaulo tsiku lomwe unawatchula, n'kuitana akuluakulu kuti adzawerenge okha kuti zonse zilipo. Mphindi zisanu zikadawakwanira. Sanatero. Analola kuimitsidwa ntchito ndi kutonzedwa ndi ana a msinkhu wa mapasa awo m'malo moswa pangano limene unalemba iwe. Munthu amene wakhala akulondera anthu ako 214 ndi yemweyo amene tcheya akuti umutaye.

Kenaka ganizira Lachinayi. Komiti ikafuna kudziwa ngati madandaulo anafufutidwa, idzachita chiyani? Idzaitana katswiri wina, kapena idzalamula kuti bokosi litsegulidwe pamaso pake. Mtsikana wa pa masitepe uja sanalembe dzina, koma ngati analemba kalasi, tsiku ndi munthu amene anamuchita chipongwe, ofuna kumudziwa adzamudziwa. Ndiye kuti kukhala chete kwako ndiko kungaulule anthu ako. Bodza la tcheya nalonso silikhalitsa. Seva imasunga mbiri ya aliyense wolowa, ndipo mbiriyo idzaonetsa kuti mwini pasiwedi sanalowepo ngakhale kamodzi mpaka Lachiwiri masana. Katswiri aliyense adzaziona asanamalize kapu ya tiyi. Ukaulula wekha, ndiwe wophunzira amene analakwitsa. Akakutulukira, ndiwe wabodza, ndipo bungwe lonse lidzagwa nawe. Koma usaulule chifukwa choopa kugwidwa. Ngakhale seva ikadakhala yosasunga mbiri, yankho langa likadakhala lomweli.

Uyambire kwa a Zingwe. Usawalembere uthenga pa foni. Funsa kumene amakhala, upite masana, utenge laputopu. Mzere uja usaufufute, usiye momwe uliri pamodzi ndi mawu ako akuti "chotsa tikakhazikitsa", chifukwa ndi umboni wawo. Uwaonetse, unene kuti unawanamizira, ndipo uwafunse ngati akufuna kukhalapo pamene ukuuza ena. Ngati ukuopa kupita wekha, pempha achemwali ako akuperekeze mpaka pachipata. Ndikuona kuti amakudziwa bwino.

Ukachoka kumeneko ulembe kalata kwa komiti yosungitsa mwambo, ina yofanana nayo uwapatse a Zingwe. Ikhale tsamba limodzi. Inene chimene unachita, tsiku limene unazindikira, ndi kuti palibe dandaulo limene linasowa kapena kutsegulidwa ndi a Zingwe. Usaikemo mbiri ya zimene akuluakulu anabisapo kale. Zingakhale zoona, koma malo ake si amenewo. Upemphe momveka kuti mlanduwo uthetsedwe popanda kutsegula bokosi, popeza umboni wako ukukwanira. Tcheya umudziwitse usanapereke kalatayo, koma ukhale ukumudziwitsa, osati kupempha chilolezo.

Pambuyo pake ubwerere m'holo muja. Unawatchula pamaso pa anthu odzaza mpaka m'mazenera, ndiye sungawayeretse pa kapepala komata pa bolodi. Ulumikize laputopu yomweyo ku pulojekita yomweyo, uchotse kachizindikiro kaja kutsogolo kwa mzere uja, uzimitse netiweki, uwaonetse tsamba likutseguka. Ena adzakukuwiza. Chingwe cha pa chitseko chija ukachichotse wekha, anthu akuona.

Wafunsa ngati bokosi lingapulumuke. Sindikulonjeza. Akhoza kulitseka kwa kanthawi, ndipo iwe akhoza kukuitana ku komiti yomweyo. Ukonzekere zimenezo. Koma mwayi ulipo ngati upita ndi dongosolo m'manja. Vuto la bokosi lako silinali a Zingwe. Linali lakuti munthu mmodzi yekha ndi amene ankaona m'katimo, pa kompyuta imodzi yokha. Unaopa kwambiri kuti wina angabise zinthu, mpaka unamanga chinthu chimene palibe amene akadakuuza kuti wasochera. Upereke ganizo lakuti owerenga akhale atatu, aliyense ndi pasiwedi yake, mmodzi akhale wamkazi, ndipo chiwerengero cha madandaulo olandiridwa ndi oyankhidwa chizioneka poyera sabata iliyonse. Ngati anzako anena kuti pa atatuwo iwe usakhalepo, uvomere.

Madandaulo aja asadikire zonsezi. Anthu analemba masabata apitawo, ndipo ena mwa iwo akhoza kukhala pa ngozi. Ukachoka kwa a Zingwe, upeze mnzako mmodzi wa m'komiti amene amasunga chinsinsi, mukhale pansi muwerenge onse, muyambe ndi okhudza chitetezo cha munthu. Pa tsamba loyamba la webusaiti mulembe mawu ochepa owauza kuti zimene analemba zilipo, palibe wosaloledwa amene anazitsegula, ndipo kuchedwa ndi vuto lanu.

Za maseva ako oyesera, nazi zimene ndinaphunzira nditapsa nazo. Choyesera chizikhala ndi dzina lake lothera ndi .test, monga bokosi.test, chifukwa mathero amenewo anapatulidwira ntchito yoyesera ndipo palibe webusaiti ya kunja imene ingawatenge. Usagwiritse ntchito .dev, ameneyo ndi mathero enieni a pa intaneti, ndipo .local amakangana ndi momwe makina a pa netiweki imodzi amapezerana. Ngati pulogalamu yako siyenda pokhapokha itamva dzina lenileni, vuto lili m'pulogalamumo: dzina lizichokera mu fayilo ya makonzedwe, lina la poyesera, lina la pa seva.

Satifiketi yodzipangira si yoipa, ndipo unachita bwino kuyesa ndi chitetezo kuyambira pachiyambi. Koma uzisainira mayina a .test okha. Ija ya dzina lenileni, mlandu ukatha, uifufute. Kiyi imene umasainira masatifiketi isachoke pa laputopu yako, usaitumize kwa mnzako, usaiike pamodzi ndi mafayilo a pulogalamu, chifukwa woipeza akhoza kunamiza kompyuta yako pa webusaiti iliyonse, kaloko kakuoneka bwinobwino. Uzolowerenso kudina pa kalokoko n'kuwerenga amene anasaina. Ukadachita zimenezo kamodzi kokha, ukadaona dzina la laputopu yako.

Choyesera uchiveke zosiyana. Ika mzere wofiira waukulu pamwamba pa tsamba lililonse, wolembedwa kuti CHOYESERA, woti ngakhale wokhala kumbuyo kwa holo auone. Kaseva kasamadzuke kokha. Uzikayatsa ukafuna kugwira ntchito, n'kukazimitsa ukamaliza. Mayina onse oyesera ndi manambala a makomo olowera pa kaseva kalikonse uwalembe malo amodzi, kuti ukhale ukudziwa chimene chikuyenda m'kati mwa makina ako. Ikafika nthawi yoti ulozetse dzina lenileni kwina kuti uyese kanthu, mzerewo uuchotse usanadzuke pa mpando. Kudzilembera kuti udzachotsa waona wekha kuti sikuthandiza. Ndipo tsiku lokhazikitsa, ntchito isatchedwe yatha mpaka munthu wina, pa kompyuta ina, pa netiweki ina, atumize kanthu ndipo wachitatu akaone kafika.

Sindikukuuza kuti usiye kulimbana ndi akuluakulu. Sukulu imafuna ophunzira ovuta ngati iwe, ndipo bokosi lija ndi ganizo labwino. Ndikungoti mafunso okhwima amene umafunsa ena uziyamba wafunsa umboni wako, makamaka pamene umboniwo ukukukomera.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili. Ndiwe wodziwa kulankhula, ndipo anthu otere akamapepesa amatha kupepesa mokoma mpaka kupepesako kusanduka msonkhano wina wowatamanda. Usapite kwa a Zingwe ndi mawu okonzeratu. Usawafotokozere za kalasi ya zaumunthu, kapena momwe wavutikira mumtima sabata ino, chifukwa iwo avutika kuposa iwe ndipo akazi awo ndi ana awo amva zonse zimene zinanenedwa m'holo muja. Usawapemphe kuti akukhululukire pomwepo, si udindo wawo kukupepuza. Unene chimene unachita ndi chimene ukachite Lachinayi lisanafike, kenaka utseke pakamwa umve. Akakukalipira, usayankhe. Akapanda kukupatsa mpando, uimirire.

Aphungu